Tisanauze Anthu Kuti Asataye, Tiwaonetse Kotaya

Lero tikambe za zinyalala zimene siziwola: mabotolo, zitini, makatoni, zigubu zong'aluka, ndiponso mulu uja umatsala pabwalo munthu akagumula khoma, akasintha denga kapena akachotsa matailosi akale kubafa. Mukamayenda ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi kapena ku Chinamwali mumaona mawu olembedwa ndi penti pamipanda, akuti pano sipotaya zinyalala, wopezeka adzalipira chindapusa, ndipo pansi pa mawu omwewo pamakhala mulu. Ambiri akaona zimenezi amagamula kuti Amalawi ndife anthu osamva. Ine ndikuona kuti mlandu wagona pena. Munthu wauzidwa pamene sayenera kutaya, koma palibe wamuuza pamene ayenera kutaya, ndipo m'madera ambiri malo oterowo kulibe n'komwe. Mfundo imene ndikufuna tiilingalire limodzi ndi yakuti mizinda yathu ikufunika malo ang'onoang'ono otulira zinyalala zosawola, okhala pafupi ndi kumene anthu amakhala, okhala ndi mpanda ndi munthu wowayang'anira, kumene banja lingatule katundu wochepa popanda kulipira. Popanda malo amenewa, kulangiza anthu ndi kuwaopseza sikutifikitsa patali.

Tiyambe taona mmene zinthu zilili. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo kuyambira pamenepo chiwerengero chakhala chikukwerabe. Khamu lonseli mtaya wake waukulu ndi umodzi mzinda uliwonse: a ku Lilongwe ndi ku Area 38, kummwera kwa mzinda, a ku Blantyre ndi ku Mzedi, kupitirira Limbe pamsewu wa ku Zomba. Wokhala ku Area 25 amene akufuna kutaya zibuma za simenti mwalamulo ayenera kudutsa nazo tauni yonse. Wa ku Chirimba kapena ku Chilomoni naye ulendo wake ndi womwewo. Magalimoto a khonsolo amatola gawo lochepa chabe la zinyalala zimene mizindayi imatulutsa, losafika ndi theka lomwe, makamaka m'misika ndi m'madera a misewu yabwino, ndipo sanapangidwire kunyamula njerwa ndi konkire. Choncho mwini nyumba amatsala ndi njira ziwiri. Akhoza kuchita hayala lole, kuwonjezera ndalama pa ntchito imene yamudyera kale m'thumba. Apo ayi amaitana mnyamata waganyu wa wilibala, n'kugwirizana naye mtengo wochotsera muluwo, osamufunsa kumene akautaye. Mnyamatayo amalipidwa mulu ukachoka pabwalo, ndiye amasankha malo apafupi kwambiri: ngalande ya mumsewu, poloti yosamangidwa, kapena gombe la Mudi, Nasolo, Lingadzi ndi Mchesi. Sindimuona ngati chigawenga mnyamata ameneyu. Wachita zimene aliyense wokankha wilibala yolemera angachite pamene malo ovomerezeka ali kutali moti sangafikeko ndi miyendo.

Zotsatira zake zimaonekera mvula ikagwa. Majumbo ndi mabotolo amayandama, koma zibuma za simenti ndi maduka a njerwa zimakhazikika pakamwa pa kalavati n'kumakola china chilichonse chobwera ndi madzi. Kalavati akatsekeka madzi amasefukira mumsewu, amaguguda phula, amalowa m'nyumba ndi m'zimbudzi zokumba, kenako n'kukathera m'zitsime. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Sindikunena kuti njerwa zimayambitsa kolera. Gwero lake ndi madzi akumwa osatetezeka ndi zimbudzi zosakwanira. Koma ngalande yotsekeka ndiyo imathandiza kuti zochokera kuchimbudzi zifike pamadzi akumwa, ndipo amene anataya zibumazo kawirikawiri amakhala kumtunda, ovutika n'kukhala akumunsi.

Malo amene ndikunenawa si maloto, alipo ndipo akugwira ntchito kwina. Mzinda wa Cape Town ku South Africa uli ndi malo otulira zinyalala oposa 20 omwazikana m'madera osiyanasiyana. Wokhala mumzindamo amaloledwa kutulako kwaulere mpaka maulendo atatu patsiku, bola galimoto yake isakhale yonyamula kuposa tani imodzi ndi theka. Pachipata pamakhala wantchito amene amayang'ana katunduyo n'kuuza mwini wake kolowera. Nthambi ndi udzu zili ndi malo ake, ndipo zimakagayidwa kuti zikhale manyowa. Mapepala, magalasi, zitini ndi pulasitiki zili ndi kwake. Zogumula panyumba nazo zili ndi mulu wake, ndipo lamulo lake n'lakuti zibwere zoyera, kutanthauza njerwa, miyala, mchenga ndi konkire zokhazokha, zopanda matabwa, mapepala kapena zinyalala za kukhitchini. Zinthu zoopsa za m'nyumba, monga penti wotsala ndi mankhwala ophera tizilombo, zimalandiridwa padera ku malo ena monga ku Athlone ndi ku Bellville. Chachikulu chimene chimasiyanitsa malo oterewa ndi mtaya n'chakuti katundu sagonerapo nthawi yaitali. Amalowa, amasankhidwa, amatuluka, uyu kwa wogula, uyu kogayidwa, ndipo kochepa kotsalako ndi kokhako kamene kamapita kukakwiriridwa.

Lamulo lakuti zinthu zibwere zosasakaniza ndi pamene pagona phindu lonse, ndipo pamenepa ndichedwepo. Katoni youma ili ndi wogula, koma ikanyowa ndi msuzi kapena ikakhudzana ndi thewera la mwana palibe amene angaifune. Chitini cha aluminiyamu chikasungunulidwa kuti chipange china, mphamvu ya moto imene imafunika ndi pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a imene ikanafunika popanga aluminiyamu watsopano kuchokera ku miyala, n'chifukwa chake ogula zitsulo amachilimbirana. Njerwa yathunthu yochokera pakhoma logumulidwa ikapalidwa matope kapena simenti imamanganso mpanda, khola kapena khitchini. Kumbukirani kuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Njerwa iliyonse yootcha imene ili pakhoma lero inadya kale nkhuni zake, ndipo kuitaya mumtsinje n'kukaotcha ina ndi kudula mtengo kawiri pa ntchito imodzi. Maduka ndi zibuma za konkire amisiri amazifuna podzaza maziko asanathire pansi, ndipo zikaphwanyidwa bwino zimalimbitsa misewu yadothi ya m'makomboni imene imasanduka matope dzinja lililonse. Pali munthu ku Area 49 amene akulipira kuti amuchotsere zibuma, ndipo pali wina ku Area 25 amene akulipira kuti amubweretsere zodzazira maziko. Awiriwa sadziwana, ndipo palibe bwalo limene katundu wa uyu angadikirire uja. Zonsezi zikathiridwa mulole imodzi pamodzi ndi zowola, zimangosanduka katundu wolemera amene ayenera kunyamulidwa ulendo wautali kukakweza phiri la kumtaya. Mapiri oterewa apha kale anthu kuno ku Africa. Mtaya wa Koshe ku Addis Ababa unagumuka mu Marichi 2017 n'kupha anthu oposa 100, wa Hulene ku Maputo unakwirira nyumba mu Febuluwale 2018 n'kupha osachepera 17, ndipo wa Kiteezi ku Kampala unapha oposa 30 mu Ogasiti 2024.

Pali mbali ina ya zotsala pokonza nyumba imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa kuopsa kwake sikuoneka ndi maso. Nyumba zambiri zakale za boma, sukulu, zipatala ndi nyumba za makampani kuno kwathu, ku Zambia ndi ku Zimbabwe zinafoleredwa ndi malata a asibesito, mwala umene unkakumbidwa kwambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava ku Zimbabwe. Lata lotere likakhala padenga losasweka silivuta kwenikweni. Vuto limayamba likathyoledwa, likabooledwa kapena likadulidwa ndi makina, chifukwa limatulutsa timinga ting'onoting'ono timene timalowa m'mapapo n'kukhala momwemo moyo wonse. Matenda ake, kuphatikizapo khansa ya m'mapapo ndi ya kachikopa kokuta mapapo, amadzaonekera patapita zaka 20, 30 ngakhale 40, munthu ataiwala kale denga limene anagumula ali mnyamata. Bungwe la World Health Organization limanena kuti mitundu yonse ya asibesito imayambitsa khansa. Dziko la Britain linaletseratu mwalawu mu 1999, la South Africa mu 2008. Kwathu kuno zidutswa zake zimathiridwa m'maenje a mumsewu, magalimoto n'kumazipera tsiku ndi tsiku, fumbi lake n'kumapumidwa ndi ana opita kusukulu. Amene amachita zimenezi amaganiza kuti akuthandiza mudzi, ndipo palibe anawauzapo kuti lata limeneli liyenera kunyowetsedwa, kutsitsidwa lathunthu, kukulungidwa m'pulasitiki wochindikala ndi kukakwiriridwa pamalo osankhidwa.

Chimodzimodzinso mtovu. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'Malawi n'kupeza kuti mitundu ingapo inali ndi mtovu wochuluka kwambiri. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards linachitapo kanthu kwa opanga penti, koma penti amene anapakidwa kale pazitseko, pamawindo ndi pamakoma akadali pomwepo, ndipo amagwa ngati fumbi tsiku limene mmisiri akupala kuti apake watsopano. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ndipo zimene waononga sizibwerera. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akudziwa bwino, chifukwa mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi. Onjezanipo mabatire a galimoto ndi a sola amene achuluka m'makomo, amene asidi wake amangokhuthulidwa pansi, ndi matabwa opakidwa penti amene amathera pamoto wophikira. Banja limene likufuna kuchita bwino ndi zinthu zimenezi lero likazitule kuti? Sizoyenera kulowa m'dzala la kuseri kwa nyumba, sizoyenera kutenthedwa, sizoyenera kuponyedwa m'chimbudzi. Ngakhale pakanapanda chifukwa china chilichonse, ichi chokha chikanakwanira kuti mzinda uliwonse ukhale ndi chipinda chokhoma cholandirira zinthu zoopsa, ndi wantchito wophunzitsidwa kuzizindikira.

Ena mwa inu mukuti, Amalawi sititaya chinthu chaphindu, nanga malo amenewa adzalandira chiyani? Mawu amenewa ali ndi choonadi chambiri. Botolo la madzi limasanduka la thobwa kapena la mafuta ophikira ogulitsa pang'onopang'ono. Malata akale amisiri amasula mbaula ndi ndowa, aluminiyamu amaumba mapoto, matayala amasoka nsapato ndi kudula malegeni. Botolo lagalasi la zakumwa limabwerera kugolosale chifukwa lili ndi dipoziti. Koma taonani bwino chimene zitsanzo zimenezi zikutiphunzitsa. Botolo la dipoziti limabwerera chifukwa pali malo odziwika olibwezera, apafupi, ndipo wobweza amapindula. Pamene zinthu zitatuzi zilipo sipafunika chikwangwani kapena wapolisi. Zimene zadzaza m'mitsinje yathu ndi zija zilibe kobwezera: mabotolo agalasi ochokera kunja, pulasitiki wosweka, matailosi, zidutswa za siling'i, mapaipi, masinki ong'aluka. Komanso zaphindu zimene zimapulumuka, zambiri zimapulumutsidwa mochedwa ndiponso movutikira, ndi anthu amene amafukula ndi manja pamulu wa ku Mzedi ndi ku Area 38, pakati pa magalasi osweka, utsi ndi ntchentche. Ku South Africa kafukufuku wa bungwe la CSIR wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti otola zinyalala oterewa ndi amene ankasonkhanitsa magawo 80 mpaka 90 pa 100 a mapepala ndi zokutira katundu zimene zinkabwezeredwa kumafakitale, ndipo anapulumutsira makhonsolo ndalama zapakati pa marandi 300 miliyoni ndi 750 miliyoni m'chaka cha 2014 chokha, chifukwa cha malo a kumtaya amene sanadzadze. Mzinda wa Johannesburg utayamba kupereka ntchito yotola zosankhidwa kale kwa makampani, otolawa anaona chakudya chawo chikuchoka pakamwa, anachita zionetsero, ndipo anadzisonkhanitsa m'bungwe la African Reclaimers Organisation. Phunziro kwa ife n'loonekeratu. Malo otulira zinyalala akadzatsegulidwa, oyamba kupatsidwa ntchito yosankha ndi ufulu wogulitsa akhale anthu amene akuigwira kale, chifukwa ndi amene amadziwa pulasitiki amene ali ndi msika ndi amene alibe.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha ndalama. Makhonsolo athu amavutika kutolera msonkho wa malo ndi nyumba, magalimoto awo ndi ochepa ndipo ambiri amakhala atafa, mafuta ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa. Wina anganene kuti kuwapempha ntchito ina yatsopano n'kuwasenzetsa katundu amene sangamuthe. Sindinganame kuti malo amenewa ndi aulere. Pafunika bwalo, mpanda, shedi yoteteza makatoni ku mvula, sikelo ndi malipiro a anthu awiri kapena atatu. Koma tifanizire ndi njira inayo. Chodya ndalama kwambiri pa ntchito ya zinyalala ndi galimoto yoyenda khomo ndi khomo, ndipo m'madera ngati Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo muli tinjira tambiri timene lole singalowe ngakhale itakhalapo. Malo otulira amatembenuza ntchitoyo: gawo loyamba la ulendo limayendedwa ndi wilibala, ngolo ndi njinga, zimene tili nazo zambiri, ndipo lole imangobwera pamalo amodzi kudzatenga katundu wodzaza. Zitsulo, makatoni ndi mabotolo amadzatenga yekha wogula. Zibuma amadzatenga womanga. Tauni yaing'ono ya Kamikatsu ku Japan, ya anthu osafika 2,000, ilibe galimoto yotola zinyalala khomo ndi khomo. Anthu amapititsa okha pamalo amodzi n'kuzisankha m'magulu oposa 40, zowola amapangira manyowa kunyumba, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 a zinyalala zawo sapita kotenthedwa kapena kokwiriridwa. Kamikatsu si Ndirande, ndipo palibe akupempha magulu ochuluka choncho. Asanu kapena asanu ndi limodzi angatikwanire. Chimene tauniyi ikuonetsa n'chakuti kusowa kwa magalimoto si chifukwa chokhalira manja lende. Ndiponso khonsolo imalipira kale zinyalala zotayidwa mwachisawawa, kungoti imalipira mochedwa ndiponso modula, pofukula ngalande ndi pokonza misewu imene madzi aononga.

Ena akuopa kuti malo oterewa adzangosanduka mitaya ing'onoing'ono pakati pa nyumba za anthu. Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa tonse taonapo zibini zikuluzikulu za m'misika zitasefukira kwa masabata, zinyalala zitazungulira mpaka kutseka njira. A ku Mzuzu amene ayandikana ndi malo a zinyalala a ku Msilo akhala akudandaula za fungo ndi ntchentche. Koma chimene chimanunkha ndi kuitana ntchentche ndi zowola zosakanizidwa ndi zina, ndipo chibini cha kumsika chimasefukira chifukwa chilibe mwini woima pambali pake. Njerwa sinunkha, chitini chotsuka sichinunkha. Malo amene ndikunena asamalandire matewera kapena zotsala za kukhitchini, akhale ndi maola otsegulira ndi otsekera, ndipo tsiku lochotsera zotsala lilembedwe pachipata kuti mfumu ya deralo, khansala ndi anthu wamba athe kufunsa likadutsa. Zowola zili ndi njira yakeyake, ndipo ndi zimene zimachuluka kuposa theka la zinyalala za m'mizinda yathu. Amayi a ku Mtandire anaonetsa kale, kudzera mu ntchito ya Waste for Wealth, kuti zinyalala zowola zikhoza kusanduka manyowa ogulitsa, ndipo ndi mmene feteleza wakwerera mtengo msika wa manyowa sungasowe. Ntchito ziwirizi zikhoza kuyandikana, koma zisasakanizidwe.

Nanga bwanji zonena kuti kwaulere? Kodi si ndiye kuti wosauka adzakhala akulipirira zinyalala za munthu womanga nyumba yosanja? Apa mpamene pafunika malire. Ku England makhonsolo ena ankalipiritsa anthu pa thumba lililonse la zogumula panyumba. Kuyambira pa 31 Disembala 2023 boma linaletsa kulipiritsa munthu amene wakonza yekha nyumba yake n'kubweretsa zochepa: matumba awiri a malita 50 lililonse, kapena chinthu chimodzi chachikulu ngati bafa, maulendo osapitirira anayi pa masabata anayi. Wobweretsa zoposa pamenepo, kapena kontilakita amene ndi bizinesi yake, amalipira. Makhonsolo a kumeneko anatsutsa ponena kuti kulipiritsa si kumene kumachititsa anthu kutaya m'tchire, ndipo mkanganowo sunathe. Koma kwa ife nkhaniyi ndi yosavuta kuiona. Amene amasankha kotaya ndi waganyu uja, ndipo ndalama iliyonse imene angalipire pachipata ichoka pa phindu lake la tsikulo, pamene mtsinje sulipiritsa. Wilibala ndi ngolo zilowe ulere, lole ilipire. Kwa omanga nyumba zazikulu khonsolo ili kale ndi chogwirira, chifukwa pulani ya nyumba imadutsa m'manja mwake. Povomereza pulani ikhoza kufunsa kumene zogumula zidzapite, n'kusunga ndalama ya chikole imene mwini wake adzabwezeredwe akaonetsa lisiti la kumalo otulira. Ndingapite patsogolo n'kunena kuti waganyu wobweretsa zibuma zoyera azipatsidwa kangachepe kuchokera pa zimene omanga amalipira pozigula. Akadziwa kuti wilibala yake ili ndi mtengo kuchipata, sadzaikhuthulanso mu Nasolo.

Otsiriza ndi amene amati vuto ndi kulekerera, timange anthu angapo ena onse adzaopa. Chilango chili ndi malo ake, ndipo lole yogwidwa ikukhuthula zibuma mumtsinje usiku iyenera kulangidwa mosanyengerera. Ndivomerezenso kuti malo otulira okha sathetsa zonse. Mzinda wa Cape Town, ndi malo ake onse aja, umaonongabe mamiliyoni ambirimbiri a marandi chaka chilichonse pochotsa zotayidwa mwachisawawa, ndipo vutoli limakula kwambiri m'madera a anthu osauka, kumene ambiri alibe galimoto yofikira kumalo otulira. Ichi n'chifukwa chake ndikulimbikira za kuyandikira: malowa akhale pamtunda umene mayi amayenda ndi thumba la chimanga popita kuchigayo. Koma mbiri yathu yomwe ikutiuza kuti lamulo lopanda njira ina limayenda pang'onopang'ono. Majumbo opyapyala osafika mamaikiloni 60 analetsedwa mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti, Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mokomera chiletsocho mu Julayi 2019, mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi nkhaniyi, komabe majumbo anapitiriza kupezeka m'misika zaka zambiri pambuyo pake. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Anthu anatuluka ndi matsache, ndipo izi zinaonetsa kuti mtima wofuna ukhondo ulipo. Koma m'madera ambiri milu yoseseredwayo inkatsala m'mbali mwa msewu, kapena inkayatsidwa moto pamodzi ndi pulasitiki ndi zidutswa za mapaipi, utsi wake wapoizoni n'kulowa m'nyumba zomwezo. Wapolisi kapena woyang'anira zaumoyo akagwira munthu n'kufunsidwa kuti nanga ndikanataya kuti, ayenera kukhala ndi yankho loloza ndi chala. Akakhala nalo, chindapusa chimakhala chachilungamo, ndipo anthu a m'deralo amayamba okha kudzudzula wotaya pena.

Pa zonse zofunika pa ntchitoyi, chimene chikutha msanga ndi malo. Mpanda ukhoza kumangidwa chaka chamawa, sikelo ikhoza kugulidwa ndalama zikapezeka, koma bwalo likagawidwa kukhala mapoloti silibwereranso. M'madera akale ngati Ndirande ndi Kawale kupeza bwalo lopanda kanthu n'kovuta kale, ndipo kumeneko makhonsolo ayenera kuyang'ana m'mbali mwa misika, pa madepoti awo ndi pa malo amene anthu asandutsa kale dzala popanda chilolezo, chifukwa malo amenewo mapazi a anthu anawasankha kale kuti ndi ofikirika. Koma kumene mizinda ikukulira lero, cha ku Chileka, ku Mpemba, ku Njewa ndi ku Airwing, nyumba zikumera mwezi ndi mwezi, ndipo nyumba iliyonse yomangidwa lero idzakonzedwa, kuwonjezeredwa chipinda ndi kusinthidwa denga m'zaka zikubwerazi. Opima malo amasiya bwalo la sukulu, la tchalitchi, la msika ndi la manda. Makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'madera amenewa apemphe kuti pa mapu omwewo palembedwenso bwalo lotulira zinyalala, lokwana lole kutembenuka, kutali ndi mtsinje ndi zitsime, ndipo likhale ndi chikalata m'dzina la khonsolo kuti wina asadzaligulitse.